Chigamba cha pa Thanga

Iwe Yamikani, taima pomwepo! Nsalu uli nayo m'manjayo waitenga kuti? M'sutikesi mwanga, eti? Ndiye wati ukapukutire chinjinga chako chamoto chija chabwera ndi fumbi la ku Chiponde? Mwana wopanda mantha iwe. Bwera nayo kuno. Nawenso Tadala tasiya foniyo, ukhale apa pamkeka, umuitanenso Chisomo. Inu mukuona ngati ndi chisanza, koma nsalu iyi inatsala pang'ono kunditengetsa, n'kupita nane kumene anthu masiku amenewo ankapita osabwerako. Bambo anu Luka akanakula akungomva kuti kunali munthu wina wopala matabwa.

Taitambasulani. Pakatipo panali nkhope ya mwini dziko wa nthawi ya chipani chimodzi. Pano yafufutika, mwina mungoona magalasi a dzuwa ndi khutu limodzi. Zimenezo zisiyeni, yang'anani m'mphepetemu. Mukuona timabowo tondondozanati? Ndi mapazi a singano ya agogo anu aakazi. Koma kuti mumve bwino, ndiyambire pa boti.

Ine ndinali mmisiri wa matabwa padoko lathu lija, kumunsi kwa mishoni. Ntchito yanga inali kukonza maboti a asodzi: kuchotsa thabwa lowola, kukhoma lina, kutseka ming'alu ndi thonje ndi phula. Tizidutswa totsala ndinkatiunjika kuseri kwa shedi. Patapita mvula ziwiri, tizidutswa tija tinasanduka kaboti kanga, kotalika ngati ngolo ya ng'ombe, kokwana anthu awiri osanenepa. Pakati ndinaimika mlongoti wansungwi. Kumbuyo ndinamangirira tsigiro, kathabwa kowongolera kaja. Thanga, chinsalu chokola mphepo, ndinalisoka ndi matumba a ufa wa buledi, ndipo matumba amenewo ndinawapemphetsa kwa ophika sikono chaka chathunthu, limodzilimodzi. Ukalikweza, zilembo za pamatumba zinkaoneka, zina chagada, zina chammbali. Linali thanga loseketsa, koma linali langa.

Amene anandiphunzitsa kuliyendetsa ndi Che Rajabu, nkhalamba ina yopanda mano imene paunyamata wake inkagwira ntchito m'zombo zamathanga zowoloka nyanja. Ankakhala pamthunzi wa shedi yanga akusoka zipewa zawo zoyera zija. Tsiku loyamba kulowetsa kaboti m'madzi ndinazungulira malo amodzi ngati nkhuku yodulidwa mutu, asodzi onse ali chigwiregwire m'mimba ndi phwete. Che Rajabu anangolavula, n'kukwinya mkanjo wawo, n'kulowa m'madzi.

"Mwanangu," anatero, "iwe ukulimbana nayo mphepo ngati thabwa lopindika. Mphepo saikhoma misomali. Amaipempha."

"Ndiipemphe bwanji, Che Rajabu?"

"Tseka maso. Tembenuza mutu mpaka makutu onse awiri amve chimodzimodzi. Kumene mphuno yaloza, n'kumene akuchokera mlendo wako. Tsopano mpatse tsaya limodzi."

Ndinatero, ndinakoka chingwe pang'ono, thanga linangoti phwii kufufuma, ndipo kaboti kanayamba kuyenda kokha. Ana inu, ndakhalapo ndi masiku okoma, koma mtima wanga sunadumphepo ngati tsiku limenelo.

Inu mumadziwa maboti a injini, aphokoso, onunkha petulo, oti munthu ukatsika makutu amakhala akulirabe. Simudziwa kuyenda pamadzi mwakachetechete. Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, ndinkavula jekete, n'kutsikira kudoko. Ndinkanyamuka pamlatho wamatabwa pamene pankaima sitima, n'kudutsa pakati pa mabwato ogona, n'kulowera kumene kunali chisitima chakale chomira, chadzimbiri, chimene akakowa anachisandutsa mudzi wawo. Ndikachizungulira ndinkalunjika kumatanthwe a kumpoto kwa doko, n'kubwerera cham'mbali mwa bango. Ulendo wonse unali womwewo. Munthu woyenda pansi akanaumaliza fodya wake asanazime, koma ine ndinkatha nawo masana onse.

Madzi ankayera moti unkaona mchenga pansi, ndi chithunzithunzi cha boti chikukwawa pamenepo, tinsomba tamawangamawanga tikuthawa. Pansi pa matabwa pankamveka kaphokoso kakang'ono, tchapu tchapu, ngati mwana akuyamwa. Ndinkagona chagada, phazi lili pa tsigiro, chingwe ndakulunga kuchala. Mawu a kumtunda ankandipeza ali ofewa: amayi akuchapa, wina akuitana mbuzi, belu la kumishoni, kenaka kuitana kwa kumzikiti, zonse zikubwera pamwamba pa madzi osakangana. Fungo la usipa wa pathandala linkabwera n'kupita. Nthawi zina nkhwazi inkalira pamwamba, ine n'kuiyankha. Usaseke Chisomo, inkandimva.

Ndipo mphepo iliyonse inali ndi khalidwe lake, ngati alamu. Vuma wa m'mawa, wotsika m'mapiri, anali waulemu. Mpoto wa nthawi ya mvula anali wosadalirika, lero kuseka mawa kukwiya. Mwera wa m'miyezi yozizira, ameneyo ndiye mlamu woledzera, ukamuona akubwera umangolowa m'nyumba. Koma kunali kamphepo kena ka masana m'chilimwe, kochokera pakati pa nyanja kubwera kumtunda, kofunda, kosathamanga. Kameneko kakakupeza, unkaiwala kuti uli ndi dzina.

Agogo anu, Abiti Saidi, sankazimva zimenezi. Iwo anali a kumapiri, ku Katuli, kumene madzi ambiri amene anawaonapo anali a m'chitsime. Nyanja ankaiopa ngati moto. Pochapa ankaima madzi ali m'kakolo, maso ali tcheru kuopa ng'ona. Kaboti kanga anakapatsa dzina, ankakatcha Mkazi Wamng'ono, ndipo dzinalo linamera doko lonse.

"Bambo a Luka, mwadya kale kuti muthamangire kwa mkazi mnzanga?"

"Tiyeni limodzi, mayi a Luka, mukamuone."

"Ine? Ndilowe m'mbale imeneyo? Amuna anzanu akapita panyanja amabwera ndi ndiwo. Inu mumabwera ndi chiyani?"

"Mphepo."

"Ndiye mudyere mphepo yomweyo."

Ankanena akuseka, koma pansi pake panali nkhawa yeniyeni. Masiku amenewo munthu sunkayenda popanda chifukwa. Khadi la chipani linali m'thumba nthawi zonse; popanda ilo sukanalowa mumsika kapena kukwera basi. Dera lathu lino boma linkaliyang'ana ndi diso lofiira chifukwa cha zina zimene zinachitika ndili mnyamata, ndipo malire ali pafupi. Tsono tangoganizani munthu wokwera boti wopanda ukonde, wopanda mbedza, wongozungulira. Akuyang'ana chiyani? Akuwerengera ndani? Mnzanga wina, mphunzitsi, anatengedwa chifukwa chongokulunga nsomba m'nyuzipepala yokhala ndi chithunzi cha mwini dziko. Galimoto inabwera, inapita, ndipo mkazi wake anadikira zaka zambiri.

Tcheyamani wa chipani kwathu kuno anali Che Mkwanda, wogulitsa nsomba zouma, munthu wamtali wosaseka. Sindinganene kuti anali woipa mtima. Nayenso anali ndi omuopsa pamwamba pake. Kawiri konse anandiimitsa padoko.

"A mmisiri, mumapita kuti ndi kabotika?"

"Palibe, a tcheyamani. Ndimangoyesa ngati matabwa akudontha."

"Chaka chonse kuyesa?"

"Matabwa ake ndi otsala, bwana."

Tsopano za nsalu. Mayi aliyense ankayenera kukhala ndi nsalu ya chipani yovinira pamisonkhano. Ikatuluka yatsopano, umagula, ufune usafune. Nanga yakaleyo? Sukanaitaya kudzala, sukanaidula, sukanaiyesa thewera la mwana kapena nkhata yosenzera mtsuko, poti pali nkhope. Zinkangodzaza m'masutikesi, nsalu zolimba bwino, ife tikuyenda ndi zigamba kumatako.

Chaka china, kumapeto kwa nyengo yozizira, ndinachita chibwana. Ndinaona kunja kwacha bwino, ndinati Mwera watopa. Anandipeza ndili kuchisitima chomira chija. Thanga linangoti kwee, kung'ambika kuchokera pamwamba mpaka pafupi ndi pansi. Ndinabwera chopalasa ndi nkhafi, ndinalipinda, n'kuliponya pakona. Matumba a nsalu anali atayamba kusowa, ophika sikono akulandira ufa m'mapepala. Ndinadziwa kuti basi, zathera pomwepo.

Akuti ndinasanduka munthu wovuta. Sindikana. Lamulungu masana ndinkangokhala pakhonde, kuyang'ana masamba a mgwalangwa akugwedezeka, osayankhula ndi munthu. Agogo anu anapirira mwezi umodzi, wachiwiri. Kenaka ndinaitanidwa ku boma, ku Mangochi, kukakonza boti la munthu wina sabata yathunthu. Pobwera Loweruka ndinapeza thanga lili pamphasa, lopindidwa bwino. Nditalitambasula, pong'ambika ponse panali chigamba chachikulu choyera, chosokedwa mbali zonse ziwiri ndi timisoko ting'onoting'ono.

"Ndatopa kukhala ndi maliro m'nyumba," anatero agogo anu, osandiyang'ana. "Pitani kwa mkazi wanu."

Ndinakoka chigamba chija, n'kuona kuti n'cholimba zedi. "Nsalu yolimba chonchi mwaipeza kuti?"

"Shiti yakale ya pabedi."

Sananame, koma sananene zonse. Shitiyo inali yakutha, yopyapyala ngati sefa, yosati n'kupirira mphepo. Tsono iwo, mwanzeru zawo, anatenga nsalu ya chipani yakale, yathunthu, osaidula n'pang'ono pomwe, anaiyala pong'ambikapo, n'kuiphimba ndi shiti uku ndi uku. Pamphasa, m'nyumba, sipankaoneka kanthu. Ndipo poti anali asanakwezepo thanga chibadwire, sanadziwe kuti nsonga iti imapita kumwamba. Kwa iwo chinali chinsalu cha ngodya zitatu basi.

Ine misozi inalengeza. Ndinati, "Mayi a Luka, mawa tipite tonse. Kamodzi kokha. Mukaone ntchito ya manja anu."

Iwo anati, "Mukandimiza, mukanene nokha ku Katuli."

Mawa lake kunatentha. Amayi a m'mudzi anali pansi pa mlambe wa padoko, kuyeserera nyimbo ndi magule a msonkhano umene unkabwera, ng'oma zikulira, Che Mkwanda atakhala pampando, achinyamata a malaya ofiira ataima pambali. Agogo anu anapempha kwa mkulu wa amayi kuti achedweko pang'ono, Luka anamusiya kumsana kwa mlongo wanga pomwepo. Analowa m'boti ngati akuponda mazira, n'kukhala pansi penipeni, manja onse awiri atagwira m'mbali, maso atatseka.

Kamphepo kanga ka masana kaja kanabwera ngati ndinachita kukatuma. Tinadutsa mabwato. Tinazungulira chisitima, akakowa osauluka n'komwe. Pang'onopang'ono ndinaona dzanja limodzi lamasuka. Kenaka diso limodzi.

"Tikuyenda?" anafunsa.

"Kalekale."

"Nanga bwanji sizikugwedeza?"

Anasuzumira m'madzi, anaona mchenga ndi tinsomba, n'kuviika chala. Anayang'ana kumtunda, nati, "Taonani phiri lathu lija! Kodi nyumba yathu ndi kanthu kakang'ono chonchija? Ndiye ndimavutikiranji kuisesa?" Tinaseka. Dzuwa linali litapendeka, lili kunyanja, ife tili pakati pa dzuwalo ndi doko. Ndinatembenuza boti kuti tidutse kutsogolo kwa mlambe, amayi anzawo awaone. Kunyada, ana inu. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Ng'oma zinasiya.

Sizinasiye ngati nyimbo yatha ayi. Zinaduka pakati. Ndinayang'ana kumtunda, ndinaona anthu onse aima chilili, nkhope zili kwa ife, wina akuloza. Ndinayang'ana m'madzi, kuyesa mvuu. Palibe. Kenaka ndinakweza maso. Dzuwa linali litawomba kuseri kwa thanga, shiti ija yasanduka ngati galasi, ndipo pakati pa thanga langa panali nkhope ya mwini dziko, yaikulu, yowala, mutu uli pansi, chibwano kumwamba.

Agogo anu anatsatira maso anga. "Mayo ine!" anatero chapansipansi. "Ndakuphetsani."

Ndinakankha tsigiro, boti linaloza pakati pa nyanja kuti akumtunda aone thanga chammbali, ndipo ndinalunjika kuseri kwa matanthwe. Titabisika ndinatsitsa thanga. Ndinatulutsa mpeni, koma m'kufulumirako unagwera m'madzi. Agogo anu anachotsa chipini pa bulauzi, n'kuyamba kusomola ulusi, kwina akuluma ndi mano. Ntchito ya sabata yathunthu, misoko yothinana, anaimasula akulira mwakachetechete.

"Tiiponye m'madzi," ndinatero nsalu itatuluka.

"Kuti mawa ikakodwe mu khoka la munthu? Aliyense akudziwa nsalu yanga, ili ndi popsa ndi mbaula apa."

"Ndiye tithawe. Tikocheze kutsogoloko, tikwere mapiri."

"Luka ali pansi pa mlambe."

Basi, nkhani inathera pomwepo. Kunalibe kopita koma kubwerera kumene ankatidikira. Ndinawauza kuti, "Tikafika, inu musayankhule. Thanga ndi langa, ndinasoka ndine." Anaviika nsalu ija m'madzi, anaifinya, n'kuiyika pamiyendo.

Nkhafi ndinali nditaisiya kumtunda chifukwa cha chimwemwe cha tsikulo. Tinayenera kubwerera ndi thanga long'ambika lomwelo. Ndinalikweza, ndinaimirira pamlongoti, n'kugwira mbali ziwiri za pong'ambika ndi manja kuti mphepo isapyole yonse. Tsigiro linalibe munthu.

"Mayi a Luka, gwirani kathabwako."

"Ine sindidziwa!"

"Mukafuna kumanja, kankhirani kumanzere. Pang'ono pokha. Musalimbane nalo."

Boti linayamba lapita uku, lapita uko. Kenaka linawongoka. Mphepo inali kumbuyo kwathu, yofunda, ikutikankha pang'onopang'ono ngati mayi akuphunzitsa mwana kuyenda. Ndinacheuka. Agogo anu anali atakhala tsonga, duku litagwera paphewa, misozi isanaume, dzanja lili pa tsigiro, ndipo nkhope yawo inali ngati ya munthu amene akumvetsera nyimbo yakutali.

"Chikundimvera," anatero. "Bambo a Luka, chikundimvera ine! Kodi zimenezi ndi zimene mumadya nokha masiku onsewa?"

Ana inu, ndikuuzeni zoona. Ndinkadziwa kuti mwina aka n'komaliza kuona nyanja, mwina mawa ndikhala kuseri kwa galimoto. Koma kamtunda kameneko, kuchokera pamatanthwe kufika padoko, ndi ulendo wokoma kuposa maulendo onse a moyo wanga. Ndinkalakalaka doko likanasunthira kutali.

Silinasunthe. Anthu anali atatsikira pamchenga, ali duu. Kutsogolo kunali Che Mkwanda, pambali pake mkulu wa achinyamata, chibonga chili m'manja. Boti lisanagunde mchenga ndinamva wachibongayo akukuwa, "Ndaona ndi maso angawa! Chozondoka! Onse aona!"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene bodza langa. Sindinapeze mpata. Agogo anu anali ataimirira kale. Nsalu yonyowa ija anali ataimanga pachifuwa, nkhope ili chilili bwinobwino, mutu kumwamba. Munthu woopa nyanja uja analumphira m'madzi ofika m'chiuno, anakweza manja, n'kuyambitsa nyimbo imene inaduka ija, pamene inadukira penipeni. Anatuluka m'madzi akuvina, madzi akuchucha, mawu ali pamwamba, ngati munthu amene wachita kubwera pa boti kudzalemekeza.

Kwa kanthawi anaimba okha. Kenaka mlongo wanga, Luka ali kumsana, anapolokezana nawo. Wina anawomba m'manja. Ng'oma imodzi inayamba, ina inatsatira, nthungululu zinalira, ndipo amayi onse aja, amene anaona zonse ndi maso awo, anawazungulira agogo anu n'kuwalowetsa pakati pa bwalo.

Mkulu wa achinyamata uja ankakuwabe, koma ndani akanamumva? Ndipo akanatani? Akanaletsa nyimbo yotamanda mwini dziko? Akanagwira mayi wovina, n'kumuvula nkhopeyo pachifuwa anthu akuona? Wotengedwa akanakhala iyeyo. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Ine ndinatsala ndekha ndi Che Mkwanda. Anabwera pa boti pang'onopang'ono, anagwira thanga, n'kuyendetsa chala m'mphepete mwa pong'ambika. Pamenepo panali patatsalira kaulusi kamodzi kofiira, kochoka ku nsalu ija. Anakasolola. Anakakulunga kuchala, akundiyang'ana.

"A mmisiri," anatero, "thanga lanu lang'ambika."

"Inde, a tcheyamani."

"Dzuwa la masana limanamiza maso. Anyamatawa aima padzuwa nthawi yaitali." Anaika kaulusi kaja m'thumba la malaya. "Koma munthu asamayende panyanja wopanda ukonde. Anthu amayamba kuona zinthu."

Anatembenuka, n'kubwerera pampando wake.

Musaganize kuti mantha anathera pomwepo. Miyezi yambiri, galimoto ikangolira kumsewu wa kumishoni, tonse awiri tinkasiya chimene tikuchita. Kaulusi kaja kanali m'thumba la munthu, ndipo tsiku lililonse akanatha kukatulutsa. Sanakatulutse. Tinkakumana ndi Che Mkwanda kumaliro, kumsika, kupatsana moni, osatchulapo kanthu, mpaka chipani chinatha mphamvu, mpaka iye anamwalira. Ndinapita kukakumba nawo manda ake.

Thanga tinalisoka ndi zidutswa za matumba zimene amayi aja anabweretsa okha, wina kachidutswa, wina kachidutswa, osanena chifukwa. Che Rajabu anandipatsa chiukonde chakutha, choti ngakhale kambuzi akanapyola akuseka, ndipo tinkachiyika kutsogolo kwa boti kuti aliyense aone kuti tikukasodza. Ndati tinkachiyika, chifukwa kuyambira tsiku lija sindinayendenso ndekha. Lamulungu tikangotuluka m'tchalitchi, amene ankayamba kufunsa za mphepo anali agogo anu. Tsigiro sanandibwezerenso. Ine ntchito yanga inatsala yogwira chingwe ndi kukapa madzi. Asodzi ankati akatifunsa, "Lero mwapha chiyani?" iwo ankayankha, "Mphepo, achimwene. Tikugawireni?"

Tinazungulira doko limenelo zaka zambiri, Luka ali pakati, kenaka azakhali anu, kenaka awiriwiri ngati poyamba. Kaboti kanawola, kanathera pamoto wowambira nsomba. Mlatho wamatabwa uja unagwa. Chisitima chomira anadula anthu ogula zitsulo, akakowa kaya anasamukira kuti.

Pamene agogo anu ankadwala matenda awo omaliza, iwe Tadala uli wakhanda, anandituma kuti nditulutse nsaluyi m'sutikesi. Ndinayesa akumva kuzizira. Koma anangoiyika pamiyendo, monga anachitira kuseri kwa matanthwe, n'kumayendetsa chala pa timabowoti. Kunja masamba a mgwalangwa ankagwedezeka. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono, uku ndi uku, maso atatseka, mpaka makutu onse awiri anamva chimodzimodzi.

"Kabwera kamphepo kathu kaja," anatero. "Bambo a Luka, mwaika ukonde?"

Ndinati ndaika.

Ndiye iwe Yamikani, mwini nkhopeyo anapita, nkhope yakenso yatha, palibenso amene angakutengere galimoto chifukwa cha nsalu. Koma timabowoti tilipo tonse, ndipo ndikatseka maso ndimatha kutiyenda ndi chala kuchokera pangodya iyi kufika iyo. Ipinde bwino, m'mphepete mukhale mkati. Njinga yakoyo ukapukute ndi malaya ako.